Mwala Kuseri kwa Tayala

Dzuwa lidali litalowa kale pamene makaniko adatulutsa galimoto ya mlamu wake m'galaja. Mkazi wake adaima pakhomo, manja ali thovu la sopo lokhalokha, n'kumuuza kuti galimoto si mwana wodwala, ikhoza kudikira kuti kuche. Iye adayankha kuti angofika pamlatho n'kubwerera, madzi osamba asanazizire.

"Mlatho uja umakhala pafupi mukamaunena muli pampando," adatero mkaziyo, n'kubwerera ku mbale zake.

Galimotoyo idali yakale, ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi. Mwini wake, mwamuna wa mchemwali wa makanikoyo, ankaweta njuchi kumapiri, kumene msewu ndi miyala ndi zigwembe zokhazokha. Adatopa ndi kukhula mimba ya galimoto pansi, ndiye adapempha kuti aikweze. Makaniko adaika masipuling'i ataliatali, galimoto n'kuima njo ngati dokowe. Koma kuyambira tsiku lomwelo idayamba kunjenjemera. Poyenda pang'onopang'ono padalibe vuto. Ikangoyamba liwiro, mpando unkanthunthumira, galasi loonera kumbuyo n'kumaonetsa misewu itatu.

Mlamuyo adaibweza patsiku lachitatu. Adanena pamaso pa anthu onse a pagalaja kuti uchi wake wafika kumsika utasanduka thovu, ndiponso kuti mano ake awiri ayamba kugwedera. "Alamu, ine ndidakupatsani galimoto, inu mwandibwezera sefa." Anthu adaseka, makaniko nayenso adaseka, poti mawu a chilamu sakwiyitsa munthu. Koma adamulowa mumtima ndithu. Zaka makumi atatu akugwira sipanala, lero azimutcha wokonza masefa?

Gwero la matendawo ankalidziwa. Galimoto ukaikweza, thupi limakwera koma matayala ndi difu, chitsulo chonenepa chija cha pakati pa matayala, zimatsala pomwe zidali. Ndiye shafuti, chitsulo chachitali chija chimene chimatenga mphamvu kugiyabokosi kupita nayo ku matayala akumbuyo, imapendekeka kuposa kale, timitanda tachitsulo tolumikizira kumapeto kwake n'kumazungulira mokakamizika. Choncho adaimasula, adaisolola pakati pamene imalowetsana, adaipaka girizi, adasintha timitandato. Kenaka adasema tizitsulo tiwiri topyapyala mbali imodzi ngati nkhwangwa, n'kutilowetsa pansi pa masipuling'i kuti difu idzutseko mphuno. Adamaliza kuli chisisira. Mlamu uja adali atanena kuti adzafika m'mamawa kuti akasamutse ming'oma njuchi zisanadzuke, ndipo makaniko sadafune kumupatsa chinthu chosayesa.

Poyamba zonse zidayenda bwino, mpaka adayamba kuimba kanyimbo chapansipansi. Atadutsa nyumba zomaliza adaponda mafuta. Kunjenjemera kuja kudabwera ngati mlendo wodziwa khomo. Kudayambira pansi pa mpando, kudakwera m'msana, kudafika m'nsagwada. Kudali kutachepako, inde, koma kudalipo.

Adati mwina tizitsulo tija tikhazikika akayenda pang'ono. Phula lidatha, udayamba msewu wafumbi wa timiyala. Adadutsa m'nkhalango ya mitengo yobzala, adatsetsereka, adawoloka mlatho wopapatiza, n'kuyamba kukwera tsidya linalo kufuna malo otembenukira. Ali pakati pa chikwezacho adamva pansi pakugogoda. Kho, kho, kho. Adaima.

Adakoka handibuleki mpaka dzino lomaliza n'kuzimitsa injini. Kudangoti zii. Kumbuyo kwake, kumunsi, madzi ankayenda pansi pa mlatho, achule akuimba.

Adaganiza kuti kamtanda kena kayamba kumasuka, ndipo kakathyoka ali paliwiro shafuti iboola pansi pa galimoto ya mwini. Nzeru yake idali yapafupi, imene makaniko aliyense amaidziwa: kuchotsa shafuti yakumbuyo, kulumikiza matayala akutsogolo, n'kubwerera kunyumba pang'onopang'ono. Mabauti anayi kumbuyo, anayi kutsogolo. Ntchito ya kanthawi kochepa. Adasiya foni pampando, adatenga tochi ndi masipanala awiri.

M'galaja yake pansi mpa simenti, pathyathyathya ngati tebulo. Galimoto ukaisiya apa, mawa umaipeza pomwepo. Manja ake adaphunzirira ntchito pamenepo. M'mbali mwa msewuwo mudali miyala yambiri, ina yaikulu ngati mutu wa munthu, ndipo potsika adaponda umodzi n'kuutukwana. Kenaka adagona chagada n'kulowa kunsi. Ubwino wa galimoto yokwezedwa ndi umenewo, sifuna jeke.

Adayambira kudifu. Bauti loyamba lidamasuka bwino, lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu adachita kulimenya. Lachinayi lidakana kutuluka, ngati china chake chalikanikiza. Akadakhala kuti sadatope, akadadzifunsa kuti chalikanikizacho n'chiyani. Iye adangoligogoda ndi sipanala mpaka lidathawa.

Shafuti idagwa. Galimoto idapuma mpweya, n'kusuntha.

Pamenepo m'pamene adakumbukira. Handibuleki ya galimoto zakalezi sigwira matayala. Imagwira shafuti.

Adaona mimba ya galimoto ikuyenda pamwamba pa nkhope yake, kubwerera kumlatho. Tochi idagubuduka. Chitsulo chidamukhula m'nthiti... kenaka gu! Zonse zidaima.

Adakhala kaye osapuma. Atatsegula maso adaona chimene chidachitika. Mutu wa shafuti udali utazika m'nthaka pambali pa chifuwa chake, utakhomerera ovolosi yake pansi pamodzi ndi kachikopa ka m'khwapa. Galimoto yonse idatsamira pa chitsulo chimodzicho, ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko yochirikizidwa ndi mphanda.

Adayesa kusuntha phewa. Timiyala tidalira, tsere, galimoto n'kubwerera pang'ono. Adaleka.

Adayamba kuganiza modekha, monga ankachitira ndi galimoto za anthu ena. Miyendo yake idali kunja, panjira ya tayala lakutsogolo. Akailowetsa m'kati, tayala liphonya. Koma m'katimo mukubwera difu yakutsogolo. Adatembenuza mutu n'kuiona, yakuda, yonenepa ngati mphika, ili pafupi ndi nthaka monga momwe idabadwira. Iye adakweza thupi la galimoto, difu sadaikweze. Munthu woonda mwina akadapulumuka atadzipanikiza pansi. Iye sadali woonda.

Kunja tayala. M'kati difu. Pakati chitsulo.

Adayesa kumasula mabatani ndi dzanja lamanzere kuti avule ovolosi ngati njoka yofundula. Batani loyamba lidatheka. Pofika lachiwiri chigongono chidakhudza shafuti. Tsere. Adachotsa dzanja msangamsanga n'kuliika pamimba.

Adakuwa. Achule adaleka kuimba, adamvetsera, n'kuyambiranso.

Patapita nthawi foni idalira pampando, pamwamba penipeni pa mutu wake. Pakati pa iye ndi foniyo padali lata lokha. Ankadziwa kuti ndi mkazi wake, ndipo ankadziwanso zimene anena akayankha, kuti madzi awatenthetsa kawiri, kachitatu mukatenthetsa nokha. Idalira mpaka kutopa. Idaliranso. Kenaka sidalirenso.

Kuzizira kudakwera kuchokera kumtsinje. Mkono wamanja udachita dzanzi. Mafuta ankadontha pa tsaya lake, dontho limodzi, kudikira, lina. Ngakhale iye atakhala chete, nthaka inkagonja yokha. Pakapita kanthawi, tsere. Pakapita kanthawi, tsere. Adayamba kuyeza ndi bauti lina la pamimba pa galimoto. Lidali pamwamba pa mphumi yake. Kenaka pamwamba pa mphuno. Kenaka pa chibwano.

Adapemphera, koma mawu ake ankangobwerera ku mabauti.

Ndipo adamva mapazi pamlatho.

Ankabwera mosafulumira, ngati munthu wochokera kuntchito. Tochi ija idagona pansi kuseri kwa tayala lakumbuyo, ikuwalitsa msewu cha kumunsi. M'kuwalako mudalowa jombo ziwiri zakale, zong'aluka kumphuno. Ina idamangidwa ndi chingwe, inayo ndi waya wofiira wamagetsi. M'mphepete mwa buluku mudali mouma ndi oyilo. Jombozo zidaima pafupi ndi galimoto. Kuwala kunkaziwomba bwinobwino, koma kumbuyo kwake kudalibe mthunzi. Maso a makaniko adaona zimenezo, mutu wake udakana kuzilandira.

"Bambo, thandizeni," adatero. "Ndili kunsi kuno."

Munthuyo sadawerame.

"Mwaika mwala?"

Mawu ake adali ofatsa, a munthu wamkulu.

"Ayi, bambo. Chonde ikani mwala kuseri kwa tayala. Uliwonse."

"Nanenso sindidaike."

Tsere.

"Ndakumvani kuyambira kutsidya," adapitiriza mlendoyo. "Tizitsulo mwaika pansi pa masipuling'i tili bwino. Koma makutu a shafuti yanu sakuyang'anana. Mudaisolola osalemba chizindikiro."

Ngakhale imfa idali pachibwano, makaniko adakweza maso n'kutsata chitsulocho kuchokera m'khwapa mwake mpaka kugiyabokosi. Zidali zoona. Mphanda ziwiri zogwira timitanda, yakutsogolo ndi yakumbuyo, zimayenera kugona mzere umodzi. Zakezo zidasemphana. Pobwezeretsa adalowetsa mano olakwika. Nthawi yonseyi akuvutika, vuto lina atalichotsa, lina atalibweretsa yekha ndi manja ake. Koma munthu woimirira kunja, mumdima, osawerama n'komwe, adaziona bwanji?

"Zimenezo tikambirana, bambo. Mwala kaye."

"Mwala sindinyamula. Ine ndimangogwira."

Jombo zija zidayenda mpaka kumbuyo kwa galimoto. Zidatembenuka, zidendene kuloza kwa makaniko, monga amaimira munthu wofuna kukankha ndi msana. Zidazika pansi. Masipuling'i adalira. Galimoto yonse, ndi kulemera kwake konse, pachikweza paja... idasunthira kutsogolo. Pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa zala ziwiri. Shafuti idaleka kuluma.

"Tulukani," adatero mawu aja, tsopano molemedwa. "Mukaika mwala mundiuze, ndisiye."

Makaniko adakankha chitsulocho n'kugubuduka. Nsalu idang'ambika, khungu nalo. Adakwawa ndi mawondo mpaka m'udzu, adadzuka, adagwa, adadzukanso. Mpweya udalowa m'chifuwa ngati madzi ozizira. Adatola tochi, adapeza mwala waukulu m'ngalande, adaukumbatira ndi mkono umodzi wamoyowo n'kuzungulira galimoto, akuthokoza mosalekeza, akuti bambo mwandipatsa moyo, bambo gwirani pang'ono pokha, ndafika.

Adawalitsa kumbuyo kwa galimoto.

Padalibe munthu.

Adawalitsa kumanzere. Kumanja. Kumlatho. Palibe.

Adatsitsa tochi. M'timiyala mudali mapazi awiri, ozama, oyandikana. Opanda jombo, opanda miyendo. Ndipo ankazamabe... nthaka ya kuzidendene inkasuntha pang'onopang'ono, ngati ikupondedwa nthawi yomweyo. Pafupi ndi khutu lake wina ankapuma movutikira.

"Mwala..."

Mwalawo udagwa m'manja mwake n'kugubudukira kumtsinje. Makaniko adathamanga! Sadasankhe njira, miyendo idasankha yokha kumtunda, kutali ndi mlatho. Sadacheuke. Msana wake wonse unkadikira phokoso la galimoto ikugwera m'madzi, kapena la jombo zikumutsata. Sadamve chilichonse, ndipo zimenezo zidamuopsa koposa.

Pamwamba pa chikwezacho padali kanyumba ka malata, nyale ikuwala pazenera, makina osokera akulira m'kati. Adagogoda ndi chikhatho chonse. Makinawo adaima. Mawu a mayi adafunsa kuti ndani, ndipo kuti ngati ndi za diresi abwere mawa. Iye adati ndi munthu wapaulendo, wavulala. Mayiyo adasuzumira pazenera, adaona magazi ndi oyilo, adatsegula.

Adali mayi wa msinkhu ngati wake, tepi yoyezera ili m'khosi. Adamukhazika pa mpando pakati pa milu ya nsalu, adamupatsa madzi, adang'amba chigamba choyera n'kumuuza kuti apanikize pabalapo. Sadamufunse mafunso. Adadikira kuti amwe kaye madziwo.

Makaniko adafotokoza mosalongosoka, kuyambira pakati, kubwerera kumayambiriro. Adanena za shafuti, za handibuleki, za mwala umene sadaike. Atatchula mwalawo mayiyo adaleka kupinda nsalu imene idali m'manja mwake. Adanena za mapazi pamlatho, za munthu wosawerama, wodziwa matenda a galimoto pongomva kulira kwake.

"Nkhope mwaiona?" adafunsa mayiyo.

"Jombo zokha, mayi."

"Zotani?"

Adamuuza. Zakale, zong'aluka kumphuno, ina ya chingwe, ina ya waya wofiira.

Mayiyo adakhala pansi pa mpando wa makina. Adachotsa tepi m'khosi, adaikulunga pa zala mpaka kumapeto, n'kuiika patebulo.

"Waya uja ndidamanga ndine," adatero. "Chingwe chidaduka m'mawa akuvala, iwo akuchedwa. Ndidati ndigula china madzulo."

Kenaka adafotokoza, mawu ake osakwera osatsika. Mwamuna wake ankayendetsa galimoto ya anthu ocheka matabwa m'nkhalango muja, ndipo ikawonongeka ankaikonza yekha. Anzake ankati amamva galimoto ngati mayi amamvera mwana. Tsiku lina madzulo idamuvuta pachikweza chomwecho, nyumba yake akuiona. Adalowa kunsi kukamasula shafuti. Mayiyo adali m'nyumba muno, makina akulira, sadamve kanthu. Mtembo wa mwamunayo adakaupeza anthu opita kumunda m'mawa. Papita zaka khumi ndi zinayi. Mwana amene adali kumsana nthawi imeneyo tsopano ndi wamtali kuposa chitseko.

Makaniko adayang'ana m'kapu.

"Adanenanso china?" adafunsa mayiyo.

"Adati... ndikaika mwala ndiwauze, asiye."

"Ndiye mwawauza?"

Makaniko adaika kapu pansi.

"Mwalawo mwaika?"

Adapukusa mutu.

Mayiyo adamuyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali. Kenaka adadzuka, adafunda juzi, adatenga nyale patebulo. Makaniko adayamba kunena kuti mwina adikire kuche, kuti aitane anthu, kuti iye miyendo yake siingabwerere kumeneko.

"Munthu sumusiya atasenza, bambo," adatero mayiyo. "Msana wawo unkavuta kale."

Adatsika awiriwo, mayi patsogolo ndi nyale, makaniko pambuyo. Achule adali atasiyiratu. Galimoto idali pomwe adaisiya, yaitali, yakuda, yoima pachikweza popanda kanthu kuseri kwa matayala. Shafuti inkalendewera kunsi, mutu wake utangogona pamwamba pa timiyala, osagwira chilichonse. Atayandikira adamva kupuma kuja. Kudali kwafupikitsa, kokoka, ngati kwa ng'ombe yokwera phiri ndi ngolo.

Makaniko sadayang'ane kumbuyo kwa galimoto. Adapita m'ngalande, adafukula mwala, adaugubuduza mpaka kuseri kwa tayala lakumbuyo n'kuukhomera ndi chidendene. Adatenga wina, tayala linalo. Adaika ndi akutsogolo omwe, anayi onse, n'kuwayesa limodzilimodzi ndi phazi. Atatha adaima pambali, adatsegula pakamwa kuti anene. Mawu sadatuluke.

Mayiyo adapita yekha kumbuyo kuja. Adatsitsa nyale pafupi ndi mapazi awiri aja, amene tsopano adali atazama mpaka m'dothi lonyowa.

"Bambo a mwana," adatero, monga munthu amaitanira mnzake kuti chakudya chapsa. "Aika. Siyani tsopano."

Kwa kanthawi palibe chidachitika.

Kenaka masipuling'i adalira pang'onopang'ono. Galimoto idabwerera m'mbuyo, mofatsa, n'kukhala pa miyala yake. Padamveka mpweya wautali ukutuluka, wautali kwambiri, mpaka lawi la nyale lidapendama.

Mayiyo adaima pomwepo kwa kanthawi. Kenaka adakweza nyale n'kuwalitsa njira ya kumtunda, napatuka pang'ono, ngati wopereka mpata kuti wina atsogole.

"Tiyeni kunyumba," adatero chapansipansi.

Sankalankhula ndi makaniko.